Maliro a Nomu Wanga

Ine ndine wamfupi. Ndayamba ndanena ndekha kuti wina asavutike kundiuza. Kusukulu kwathu ku Dedza ankanditchula kuti Kafula, ndipo ndinamenyana ndi anthu ambiri chifukwa cha dzina limenelo. Ena ndinawagwetsa, ambiri anandigwetsa. Mtima wanga ndi wapachala mpaka lero, imvi zabwera koma sunasinthe.

Zaka zisanu ndi zitatu ndinagwira ntchito ya m'gadeni ku Benoni, kwa adona ena achizungu omwe amuna awo anamwalira kalekale. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Poyamba Lamlungu lililonse ndinkakwera takisi kupita ku Katlehong, kutchalitchi cha anthu akumudzi, ndipo ndinkaimba besi m'kwaya. Tsiku lina mkulu wa mpingo ananena pagulu kuti ndimasokoneza nyimbo. Ndinamuyankha mawu omwe sindingawalembe pano, n'kutuluka. Ndinkati andiimbira foni kudzapepesa. Sanaimbe, ndipo ine sindinabwerere. Nkhani yopanda mchere, koma inandidyera abale onse omwe ndinali nawo ku Joni.

Chaka chomwecho anamwalira bambo wina wa ku Mangochi, mlonda wa pafakitale ina ku Alberton. Tinkangodziwana pamalo okwerera matakisi, tinkalonjerana, nthawi zina n'kugawana chimanga chootcha. Anamupeza m'chipinda mwake patatha masiku atatu. Foni yake inali yokiya. Tonse tinkadziwa kuti ndi wa ku Mangochi, koma Mangochi ndi yaikulu, abale. Mudzi uti? Kwa ayani? Palibe anadziwa. Anamuika kumanda a boma, ndipo tinalipo anthu anayi. Palibe anaimba. Mathirakitala anali kudikira kuti tichoke akwirire.

Kuyambira tsiku limenelo ndinagwidwa ndi mantha amodzi okha. Imfa yeniyeniyo sindinkaiopa kwenikweni. Ndinkaopa kuti ndikafa, adzandinyamula ndani, ndipo adzadziwa bwanji kopita nane. Mayi anga anatisiya kale. Mkazi wanga anatopa kudikira, anakwatiwa ku Lilongwe, ndipo sindimuimba mlandu. Kumudzi kunatsala mlongo wanga, yemwe nambala yake imasintha foni ikangotayika. Adona ankadziwa kuti ndine wa ku Malawi, koma akatopa ankati Zimbabwe.

M'gadeni muja munali zidole zitatu zasimenti, tiamuna tandevu tovala zipewa zofiira zosongoka. Tsiku loyamba nditaziona pansi pa mtengo ndinabwerera m'mbuyo, ndimvekere, "Asa! Azungunso amaweta ndondocha?" Adona anaseka mpaka misozi, n'kundiuza kuti amenewo ndi manomu, okongoletsa chabe. Ndinkawatsuka kamodzi pamwezi. Nditasiya kupita kutchalitchi ndinayamba kuwalonjera m'mawa, "Mwadzuka bwanji, akuluakulu?" Musaseke. Sabata yathunthu inkatha Chichewa changa chikumveka kwa iwo okha.

Adona anali ndi mwana wamkazi, mphunzitsi, munthu wamkulu ndithu. Ine ndinkamutchula kuti asisi. Loweruka lililonse masana asisi ankabwera ndi amuna awo, chimunthu chachitali chandevu, pamodzi ndi mnzawo wina Mzulu wogwira ntchito kubwalo la ndege. Ankakhala pakhonde la kuseri, patebulo atayala mapepala, mapu, tizidole ndi madayisi a mbali zambirimbiri. Ine ndinkati ndi juga, ndipo ndinkawamvera chisoni adona kuti mwana wophunzira chonchi walowerera.

Loweruka lina mu Disembala kunagwa matalala, ndipo ndinathawira pakhondepo ndi fosholo yanga. Asisi anandiuza kuti ndikhale pampando, poti mnzawo wachinayi anasamukira ku Pretoria.

"Ine juga sindichita, asisi," ndinatero.

"Si juga," anayankha. "Ndi nthano. Ine ndimafotokoza dziko ndi zomwe zikuchitikamo. Aliyense wa inu amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo, n'kumanena zomwe munthu wakeyo akuchita. Akafuna kuchita chinthu chovuta, amaponya dayisi. Ikagwa nambala yaikulu zatheka, ikagwa yaing'ono zakanika."

Ndinafunsa kuti amapambana ndani. Anati palibe. Ndinangoti kukamwa yasa, anthu akuluakulu kutaya tsiku lonse pamasewera opanda wopambana! Koma matalala sanasiye, ndiye ndinakhala.

Amuna a asisi, Andevu aja, anali mdwafu, mtundu wa anthu ojintcha okumba miyala pansi pa mapiri. Mzulu anali elefu, mtundu wa anthu ataliatali a m'nkhalango odziwa uta. Asisi atafunsa kuti ine ndikhale ndani, Andevu analoza zidole za m'gadeni zija n'kunena kuti, "Apatseni nomu, akufanana kale."

Ndinagwira fosholo kuti ndizipita, matalala kaya andiboole. Koma asisi anawadzudzula amuna awo ndi diso, n'kutsegula chibuku chachikulu cha malamulo. Anandiwerengera kuti manomu ndi anthu afupiafupi, a luso la manja, okonza maloko ndi mawotchi, omva chinenero cha mbewa ndi mfuko, okonda nthabwala.

"Kwawo n'kuti?" ndinafunsa. Kwathu ndilo funso loyamba, munthu sungamupatse mpando usanadziwe kwawo.

Asisi anatsegula tsamba ili, tsamba ilo. Maelefu ali ndi nkhalango zawo. Madwafu ali ndi mizinda yawo pansi pa mapiri. Anthu wamba ali ndi mafumu ndi malire. "Manomu," anatero, "amangopezeka m'matauni a anthu ena, akugwira ntchito. M'dziko lathu lino sindinawaikire malo."

Mzulu anawonjezera kuti ngakhale opanga masewerawa sadziwa chochita nawo. Mabuku ena amati ndi asuweni a madwafu, ena amati ndi amakanika openga, ena amati ndi timizimu ta m'tchire, ndipo pamatebulo ena amangowachotsamo chifukwa palibe amawasowa.

Ndinatsamiritsa fosholo kukhoma. "Ndipatseni ameneyo," ndinatero. "Ndikumudziwa."

Andevu ankafuna kuti nomu wanga akhale woseketsa anthu, wophulitsa zinthu, wogwera m'migolo. Ndinakana. Kuseketsa azungu ndinasiya kalekale. Ndinawauza za Akafula, anthu afupiafupi omwe amati ankakhala m'mapiri a kwathu makolo athu asanafike, omwe anasiya zojambula zawo m'mapanga. Amati ukakumana naye ankakufunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, wamunyoza kuti ndi wochepa, ndipo mkondo unali wako. Umayenera kunena kuti ndakuonerani patali, mukutsika phiri ilo. Dzina lomwe ndinalimenyera nkhonya kusukulu ndinalitola ndekha pakhonde la ku Benoni. Nomu wanga akakumana ndi mfumu, msilikali kapena mfiti, ankayamba ndi funso limenelo, ndipo asisi anaika lamulo loti woyankha molakwika aone zakuda.

Posakhalitsa atatu aja anaphunzira yankho. Ndikamachokera kuseri kwa galaja Loweruka, nditasamba, nditavala shati yoyera, ankakuwa ndi Chichewa chawo chopindika, "Takuonerani patali, baba!" Ndinkakhwinyata nkhope ngati sindikusamala. Koma kunena zoona, sabata yonse ndinkakhalira mawu amenewo.

Ndinkalakwitsa zinthu, inde. Tsiku lina tinafika paphanga la chimphona chodya anthu. Anzanga ananong'onezana zolowa mwakachetechete. Itafika nthawi yanga, ndinati nomu wanga waima pakhomo ndipo akuti, "Odi!" Andevu anagwira mutu ndi manja awiri. Mzulu anagwa pampando ndi phwete. Ine ndinati, nanga munthu amalowa m'nyumba ya mwini ngati mbuzi? Asisi anandiponyetsa dayisi, inagwa yaikulu, ndipo chimphona chinadabwa kwambiri moti chinatilowetsa n'kutidandaulira za chitseko chake chomwe chinkalira. Nomu wanga anachithira mafuta, tinadutsa popanda kukhetsa magazi. Andevu anadandaula mwezi wathunthu kuti ndawamana ndewu.

Tinasewera chaka ndi miyezi. Nomu wanga anakonza zitsime, anatsegula maloko a ndende, anapulumutsa Andevu kawiri. Kenako Loweruka lina m'nyengo yozizira, adani anatithamangitsa pamlatho wokwezedwa ndi maunyolo. Ndinati anzanga awoloke, ine nditsale ndikweze mlathowo kenako ndilumphe. Anawoloka. Ndinakweza. Asisi anati ndiponye dayisi ya kulumpha. Inagubuduka, inagunda kapu ya tiyi, n'kuima pa wani. Ndinaponyanso katatu monga mwa lamulo, kuona ngati angatsitsimuke, ndipo katatu konse zinakanika. Nomu wanga anafera pamiyala ya m'mphepete mwa mtsinje, tsidya la anzake.

Kenako Andevu anati, "Pepani, bwanawe. Ine nditenga thumba lake la zida, lingatithandize kutsogoloku."

"Ine mphete," anatero Mzulu.

Asisi anandikankhira pepala losalembapo. "Pangani munthu wina," anatero mokoma mtima. "Ulendo uno mutha kusankha wamtali."

"Nanga mtembo?" ndinafunsa.

"Tiusiya," anayankha Andevu. "Adani apeza njira ina yowolokera, tilibe nthawi."

Lero ndikudziwa kuti sanalakwe kanthu. Umo ndi mmene amachitira pamasewerawa: mnzako akafa umatenga katundu wake kuti asawonongeke, iye n'kupanga munthu watsopano, ulendo n'kupitirira. Koma ine pamenepo sindinaone masewera. Ndinaona anthu anayi pamanda a boma, ndinamva thirakitala. Ndinaimirira, mpando unagwa.

"Munthu wafera inu, thupi lisanazizire mwayamba kale kumupisa m'matumba? Kulanda chuma cha masiye masanasana! Mwadya naye chaka chathunthu, lero mumusiye pamiyala adyedwe ndi akhwangwala? Ndinu anthu inu? Mxii!"

Theka ndinanena m'Chingerezi, theka m'Chichewa. Mzulu anayesa kundigwira mkono, "Baba, ndi pepala chabe." Ndinamukutumula n'kupita kuchipinda kwanga. Nditakhala pabedi ndinachita manyazi kwambiri, bambo wa imvi kulirira chidole. Koma misozi sinamve zimenezo.

Maloweruka atatu otsatira sindinapite patebulo. Iwo akangoyala mapepala, ine ndinkaliza makina otchetchera kapinga pafupi penipeni ndi khonde, uku ndi uku, ngakhale kapinga wa mu Julaye samera n'komwe. Ankachita kukuwa kuti amvane. Ndinkamva kukoma, kenako madzulo ndinkadya ndekha chitseko chili chotseka, ndipo kukoma kuja kunkatha.

Lachinayi lina masana ndinamva mawu pakhomo panga: "Odi." Anali asisi, atangoweruka kusukulu. Zaka zonse zija palibe wa m'nyumba yaikulu anafikapo pakhomo limenelo. Ndinawapatsa mpando wanga umodzi womwewo, ine n'kukhala pachidebe. Anandifunsa kuti chinandipweteka n'chiyani kwenikweni. Ndinkafuna kunena kuti palibe, koma pakamwa panandipereka. Ndinawauza za mlonda wa ku Mangochi, masiku atatu, foni yokiya, anthu anayi. Ndinawauza kuti kwathu munthu amakagona kwawo, pafupi ndi amayi ake, ngakhale atafera kutali chotani, ndipo kuti ine sindikuona wondinyamula.

Asisi anati, "Kumudzutsa sitingathe, lamulo silola. Koma anzanu aja abwerera kumlatho. Amukulunga m'chofunda, akufuna kumunyamula. Vuto n'lakuti sakudziwa kwawo, ndipo buku silinena. Mutiuze ndinu."

Loweruka ndinapita. Palibe anakuwa moni uja, onse anangoimirira. Patebulo panali pepala lalikulu loyera, ndipo kachidole ka nomu wanga anakagoneka m'bokosi la machesi. Ine ndinalibe munthu woti ndimuyendetse, ntchito yanga inali kulondolera njira, asisi n'kumajambula.

Ndinkafuna kupeka, ndithu. Ndinati ayende chakumpoto mpaka pamtsinje wa ng'ona, pomwe asilikali amafunsa mapepala ndipo mzere umatenga tsiku. Akawoloka adutse dziko louma la milambe. Afike pachipata chachiwiri, kenako tauni yotentha ngati uvuni, yokhala ndi mlatho wautali pamtsinje waukulu. Akatero ayambe kukwera mpaka mphepo iyambe kuluma makutu. Asisi ankaponyetsa madayisi panjira, chifukwa panali achifwamba ndi mvula, ndipo Andevu ananyamula bokosi paphewa ulendo wonse osadandaula.

Titafika kumapiri ozizira pakamwa panga panayamba kuthamanga pokha. "Mutsike pamsika pomwe amayi amagulitsa kachewere m'mabeseni. Mutenge msewu wafumbi wa kumanzere, mudutse chigayo. Pali kamlatho ka matabwa, galimoto isakwerepo, munyamule pamanja. Mukaona mkuyu wong'ambika ndi mphenzi, mukhotere kumanja. Nyumba yachitatu, ya chitseko chobiriwira. Mukafunse mlongo wake. Musalowe ndi bokosi, muime kaye panja, mmodzi apite akanene."

Mzulu anaika pensulo yake pansi. "Baba," anatero, "kumeneku si kwa nomu."

Asisi, osandiyang'ana, anafunsa motsitsa mawu kuti msikawo dzina lake n'chiyani. Ndinawauza. Anafunsa mudzi, anafunsa dzina la mlongo wanga ndi la amuna ake. Pansi pa dzina lililonse la m'nthano analemba lenileni ndi pensulo: Beitbridge, Tete, Dedza, mpaka pachitseko chobiriwira.

Maliro tinayendetsa monga ndinawauzira. Thumba la zida ndi mphete anazibweza, anazipereka kwa mlongo wa malemu pamaso pa anthu. Ndinati achibale sakumba manda, amakumba ndi adzukulu, ndiye Andevu anati mdwafu ndiye mwini fosholo, akumba yekha. Anaponya dayisi, inagwa yaikulu, ndipo ndinawauza kuti manda otere ngakhale akumudzi angawayamikire. Mzulu anati kwawonso munthu samuika chete, ndipo anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi yomwe ifenso timaimba m'chinenero chathu. Ndinalowa ndi besi yanga ija. Kaya ndinasokoneza, kaya sindinasokoneze, palibe ananena. Adona anatuluka m'khitchini ndi thaulo m'manja kudzaona kuti kwagwanji, n'kupeza anthu akuluakulu anayi ataimirira mozungulira bokosi la machesi.

Pomaliza Andevu, omwe aja anandinyoza tsiku loyamba, anawerama pakabokosi n'kunena ndi Chichewa chawo chophotchoka, "Takuonerani patali." Ndinatuluka kukaima kumaluwa kwa kanthawi.

Ndinapanga munthu wina, nomunso, mphwake wa woyamba uja. Koma sitinapite naye kutali. Chaka chisanathe asisi ndi amuna awo anapeza ntchito kutsidya kwa nyanja. Mzulu anamusamutsira ku Durban. Adona anagulitsa nyumba n'kupita kokhala okalamba, ndipo ogula anati safuna wa m'gadeni wogonera pomwepo. Zidole zasimenti zija anazitaya pamodzi ndi zinyalala. Tsiku lotsanzikana asisi anandipatsa mapu aja atawakulunga m'pulasitiki. Anati anawajambula pafoni, ndipo chilichonse chikachitika adziwitsidwe. Miyezi yoyamba tinkalemberana. Kenako anabereka mwana, mauthenga anayamba kutalikirana, ndipo sindiwadandaula, moyo ndi wotero.

Pano ndimagwira maganyu m'magadeni a ku Alberton, ndipo ndimachita lendi kachipinda ku Katlehong. Tchalitchi chija chili misewu isanu kuchokera pano. Lamlungu mphepo ikalunjika bwino ndimamva kwaya, ndipo besi yawo ndi yofooka, ndinene mosapsatira. Kawiri ndavalapo shati yoyera n'kufika mpaka pageti. Kawiri konse ndinapitirira ngati ndikupita kogula buledi.

Mapu aja ndimayenda nawo m'thumba la pachifuwa pamodzi ndi pasipoti. M'makona muli zinjoka zamapiko zomwe asisi anajambula pokongoletsa, ndipo mayina a pensulo ndinawadutsitsa bolopeni kuti asafufutike. Pamwamba ndinalemba m'Chingerezi kuti wondipeza anditengere kumeneku. Mayi eni nyumba yomwe ndimakhala, omwe ndi Msutu, ndinawapempha kuti akapanda kundiona pampopi m'mawa, agogode tsiku lomwelo, asadikire atatu. Ndinawaonetsa thumba lomwe muli pepalalo. Anaseka, anati anthu afupiafupi safa msanga, n'kupitiriza kuyanika zovala.

Nomu wanga, munthu wa pepala yemwe buku silinamupatse kwawo, anamunyamula anthu atatu mpaka pakhomo pa mlongo wake, ndipo anamuimbira. Ine njira ndili nayo m'thumba, yolembedwa bwinobwino, palibe angasochere. Onyamulawo ndiye sindinawapeze.